Age of Empires IV kapena ndikhalebe pa II? Yankho kwa mnzathu wa ku Turffontein

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnzathu wina wokhala ku Turffontein. Akuti Age of Empires II, gemu ya pakompyuta yomanga mudzi n'kumenya nkhondo, anaiphunzirira pa kafe ina ku Limbe ali ku sekondale, ndipo kuno ku Joni wangogula kumene laputopu yogwirapo kale ntchito, ya RAM 8GB, yopanda graphics card yapadera. Funso lake nali: "Achimwene, ndalama ndili nayo ya gemu imodzi basi. Nditenge IV kapena II yokonzedwanso ija? IV-yo ndi yabwinodi, kapena angoipaka mafuta?"

Achimwene, pa laputopu imeneyo tengani II. Koma IV sanangoipaka mafuta ayi, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati ndi yachabe, poti ndi imene ndimamenya kwambiri masiku ano.

IV inatuluka pa 28 Okutobala 2021, patapita zaka 16 chitulukire III. Anaipanga ndi a Relic Entertainment a ku Vancouver, omwe aja a Company of Heroes, mogwirizana ndi World's Edge ya Microsoft. Iwowa sanapitirize pomwe III inalekezera, pa nthawi ya mfuti ndi atsamunda. Anabwerera m'mbuyo ku nyengo ya malupanga ndi malinga, yomwe ndi ya II ya 1999. Choncho mukaitsegula simusochera. Anthu anu akutola chakudya, mitengo, golide ndi miyala, wakavalo akuzungulira kusaka nkhosa, nyengo ndi zinayi, anthu sapitirira 200. Amikondo amagwetsa apakavalo, apakavalo amathyola amauta, amauta amalasa amikondo. Zonsezi mumazidziwa kale.

Mphamvu yeniyeni ya IV ili pa mitundu ya anthu yomwe mumasankha kumenya nayo. Mu II, mukadziwa kumenya ndi a Franks, ndiye kuti a Britons ndi a Teutons mwawadziwa theka, chifukwa nyumba ndi zomwezo, asilikali ambiri ndi omwewo, kusiyana kuli pa msilikali wapadera ndi timabonasi. Mu IV anayamba ndi mitundu isanu ndi itatu yokha, koma uliwonse uli ndi khalidwe lake. A Mongol samanga linga, ndipo nyumba zawo amazipasula, kuzikweza pa ngolo n'kusamuka nazo. A Delhi maphunziro onse amawapeza ulere, kungoti amachedwa ngati basi yodikira kudzaza, pokhapokha muike akatswiri a maphunziro m'mizikiti kuti zifulumire. A Rus amapezerapo golide pa ulenje wa nyama zam'tchire. Ndiyeno pokwera nyengo simungodina batani n'kudikira. Mitundu yambiri mumasankha imodzi mwa nyumba zikuluzikulu ziwiri, ma landmark, n'kutuma anthu anu kukaimanga. Mukatumako anthu ambiri mukwera msanga koma chuma chiima, mukatumako ochepa mdani akupezani musanavale. Chisankho chimenechi chimandikoma nthawi zonse.

Mlamu wanga wa ku Rosettenville ndi wa a Mongol. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, nsima ili m'mimba, ine ndinatenga a English n'kuyamba kulima minda mwa phee, ndikuwerengera amauta anga. Ndisanakwere n'komwe nyengo yachiwiri ndinangoona nsanja yamera pafupi ndi pomwe anthu anga amadula mitengo, mivi ili vuuu. Ndinathamangira kukawotcha mudzi wake, koma pomwe ndinauona poyamba paja panali patangotsala udzu. Munthu anali atasamuka kalekale. Anaseka mpaka mlongo wanga anabwera kudzafunsa ngati kwagwa chiyani. Zoterezi mu II simungazione, mudzi ukamangidwa wamangidwa.

Pali a Mali, ndipo apa ndichedwepo pang'ono. Anawawonjezera ulere mu Okutobala 2022 pamodzi ndi a Ottoman. Amene anawapanga anaganiza ndithu za ufumu wa Mansa Musa, mfumu ija inapita ku Mecca mu 1324 itasenza golide wochita kudabwitsa anthu a ku Cairo. Mumamanga mgodi pamwamba pa golide, umatulutsa wokha popanda wokumba, ndipo mukamanga nyumba mozungulira mgodiwo ndalama zimachuluka. Golideyo mumagulira ng'ombe n'kuziika m'khola kuti zizikupatsani chakudya. Munthu wokulira ku Nsanje kapena ku Mzimba safunika kumufotokozera kuti chuma ndi khola. Alibe asilikali ovala zitsulo zolemera, koma ali ndi a Donso amikondo ndi a Musofadi, amayi ankhondo omwe amazemba osaoneka mpaka atafika pakhosi. Chondiwawa n'chakuti anthu amenewa sanawapatse nkhani yawoyawo yoti uisewere. Mu II muli nkhani ya Sundjata wa ku Mali, ya Yodit wa ku Ethiopia ndi ya Tariq ibn Ziyad, zonse zochokera mu The African Kingdoms ya 2015, ndipo zili kale m'kati mwa Definitive Edition ya 2019 yomwe mukufunsayo. Tsiku lina mwina adzatikumbukira ife a kumwera kuno, atiikire Great Zimbabwe kapena ufumu wa Maravi wa a Kalonga. Ndimangolota.

Nkhani zake za IV zinayamba zinayi: a Norman kuyambira pa Hastings mu 1066, nkhondo ya zaka 100 ya England ndi France, a Mongol, ndi kukula kwa Moscow. Zonse pamodzi ndi nkhondo 35. Pakati pake amaonetsa mavidiyo enieni ojambulidwa pamalo pomwe zinthuzo zinachitikira, ndi ena osonyeza mmene ankasulira zovala zachitsulo kapena kuponya miyala ndi makina. Mwana wanga wamkazi, yemwe gemuyi alibe nayo ntchito, amakhala pansi kuonera. Koma amafotokoza ngati mphunzitsi wa mbiri yakale ali pabolodi. Mu II umamva mawu a munthu amene akuti analipo, ndipo Joan of Arc akagwidwa mtima umakuwawa. Mu IV umaphunzira zambiri koma sulira.

Tsono zofooka zomwe zingakukhudzeni inu.

Choyamba ndi dzanja. Inu amene munazolowera II mukudziwa kukoma kovina ndi amauta, kuwasuntha pang'ono kuti mivi ya mdani igwere pansi. Mu IV muvi ukachoka pa uta umamutsata munthu mpaka kumupeza. Kwa woyamba kumene n'zabwino, nkhondo imapambanidwa ndi nzeru ya asilikali omwe wasankha, osati liwiro la zala lokha. Kwa ife akale zimakhala ngati akuchotsera chiwongolero. Asilikali akenso amamveka olemera powalamula. Itangotuluka inalibe ranked (mpikisano wa pa intaneti woika osewera m'magulu malinga ndi luso), inalibe chopangira mapu, ndipo ma hotkey (mabatani achidule a pa kiyibodi) ambiri sankasinthika. Izi anazikonza kuyambira mu 2022, moti mukamawerenga madandaulo akale pa intaneti muziyamba mwaona chaka.

Chachiwiri ndi makina anu. Pa pepala IV imafuna RAM 8GB ndipo imavomera ngakhale Intel HD 520, komanso ili ndi njira yochepetsera zithunzi pa makompyuta ofooka. Kutseguka itseguka ndithu. Koma dikirani anthu anayi akumane ndi anayi, aliyense ndi gulu lake, njovu za a Delhi zili pakati, muone. Ndinayesapo pa laputopu yonga yanuyo, fani inkalira ngati chigayo ndipo chithunzi chinkadumphadumpha. II imakhutira ndi 4GB, zithunzi zake ndi zosalemetsa makina, ndipo patali umazindikira msanga kuti uyu ndi wamkondo, uyu ndi wauta.

Chachitatu ndi data. IV imafuna malo osachepera 50GB, osawerengera zokonza zomwe zimabwera pafupipafupi. Ngati mumadalira bandulo ya pafoni, iwalani, pokhapokha mupemphe Wi-Fi kuntchito kapena kwa mnzanu wa fibre, ndipo mavidiyo ake a 4K, azithunzi zolemera kwambiri, musawakhudze. Za magetsi sindikuuzani chachilendo. Laputopu imapirira ndi batire, koma rauta ikazima nkhondo ya pa intaneti yathera pomwepo. Ine inanditayitsa nkhondo yomwe ndinali nditagwira kale malo opatulika onse, kutangotsala mphindi ziwiri pa mphindi khumi zomwe uyenera kuwasunga kuti upambane. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula kabatire ka rauta, ndipo inunso kagulireni musanagule gemu iliyonse.

Kumbali ya ndalama, mitundu ina mu IV ndi yogula padera. A Japan ndi a Byzantine anabwera mu The Sultans Ascend mu Novembala 2023. II nayo ili ndi zogula padera, koma mukangoitenga mumayamba ndi mitundu yosachepera 35 ndi nkhani zoti simungazimalize chaka chino ngati mumagwira ntchito mpaka Loweruka ngati enafe.

Ndiye chitani chonchi. Ikani II pa wishlist ya Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mudikire itsike mtengo, poti imatsika kawirikawiri. IV-yo ili pa PC Game Pass, mukhoza kulipira mwezi umodzi n'kuyesa ngati laputopu yanu ikuikwanitsa. Yambani ndi Art of War, gawo lophunzitsira kasewero, kenako a English chifukwa ndi osavuta, a Mali muwasiye kaye mpaka zala zitazolowera. Ikamayenda bwino mundilembere, tidzakuikani mbali ya mlamu wanga Lamulungu masana, kuti nsanja zakezo akamange kwa wina.