Bruford kapena Collins: kusiyana kwawo pa ng'oma nkotani?

Mmodzi mwa owerenga watumiza imelo yofunsa kuti: "Pakati pa Bill Bruford wa Yes ndi Phil Collins wa Genesis, ndani anali katswiri pa ng'oma kuposa mnzake, ndipo kusiyana kwawo ndingakumve bwanji?"

Zikomo chifukwa cha funsoli lokhudza oimba ng'oma a magulu awiriwa a nyimbo za rock. Musawayeze ndi liwiro la manja, poti onse awiri anali nalo. Tcherani khutu ku snare, kang'oma kolira mokweza kaja, mumve pamene aliyense amakamenyera.

Bruford ankakunga snare yake kwambiri, ndipo ndodo imodzi inkagunda chikopa ndi mkombero wachitsulo nthawi imodzi. Chifukwa chake chinali gitala ya besi ya mtundu wa Rickenbacker ya Chris Squire, mnzake wa mu Yes, yomwe inkalira mokweza ndi mosongoka moti ng'oma yokungidwa mofewa ikanamira. Mverani nyimbo ya Yes ya Heart of the Sunrise pa chimbale cha Fragile cha 1971. Pamene khutu likudikira kugunda, Bruford amasiya mpata, n'kumenya patsogolo pang'ono kapena pambuyo. Anakulira mu jazz, ndipo kubwereza kamenyedwe kamodzi sikunkamusangalatsa. Atamaliza chimbale cha Close to the Edge mu 1972 anachoka ku Yes n'kupita ku gulu la King Crimson.

Collins, wamanzere, analowa Genesis mu 1970. Luso lake linali lobisa kuvuta kwa nyimbo. Gawo lomaliza la nyimbo ya The Cinema Show ya 1973 lili mu 7/8, kutanthauza kuti kugunda kumabwerezedwa kasanu ndi kawiri m'malo mwa kasanu ndi katatu komwe tinazolowera, koma mutha kugwedeza mutu osazindikira kuti pasowa kugunda kumodzi. Amadzaza mipata ndi timikwapulo tapansipansi pa snare, ndiye kiyibodi ya Tony Banks, mnzake wa mu Genesis, imayenda pamwamba mosakhumudwa.

Kuti mumve zimenezi, valani mahedifoni, muombe m'manja mukuwerenga 1-2, 1-2, 1-2-3, zonse pa liwiro limodzi. Ambiri amalakwa potalikitsa 3 womalizayo ngati akupuma. Mukatero mwawonjezera kugunda kwachisanu ndi chitatu, ndipo mukabwereza kawiri kokha mwasiyana kale ndi gulu. Mukangotchula 3, bwererani pa 1 nthawi yomweyo.

Mwayi ulipo wowamva pa nyimbo imodzi. Peter Gabriel, yemwe ankaimba mawu mu Genesis, atachoka mu 1975, Collins anatenga maikolofoni, ndipo Bruford anaimbira Genesis ng'oma pa ulendo wa 1976. The Cinema Show ya pa chimbale cha Seconds Out cha 1977 ili ndi onse awiri. Collins akamaimba mawu, ng'oma ndi za Bruford yekha. Gawo la 7/8 likafika amamenya limodzi.

Maganizo anga ndi akuti Bruford ndiye ankapeka njira zatsopano, makamaka pa chimbale cha King Crimson cha Red cha 1974. Koma pa ntchito yonyamula gulu lonse kuti nyimbo yovuta iyende bwino, ndimasankha Collins wa pakati pa 1971 ndi 1976. Amene amamudziwa ngati woimba nyimbo zachikondi za m'ma 1980 ayambe amva chimbale cha Unorthodox Behaviour cha gulu la Brand X, chomwe chinatuluka mu 1976, mmene Collins anaimba ng'oma.