Tiki-tiki ameneyo si fumbi, zimitsani kaye

Achimwene, mwafunsa za phokoso la kompyuta yanu. Ngati ikulira kuti tiki, tiki, tiki kenako n'kuuma, mausi osasuntha, zimitsani panopa, zinazi muwerengere pa foni. Ndaona ena amene akuyankhani akuti ndi fumbi chabe, mungoipemerera. Mawu amenewo ndi amene anandigwetsa m'mavuto ine mu 2022.

Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta kuno ku Mangochi pa Boma. Mukukumbuka mmene magetsi ankavutira chaka chimenecho, namondwe Ana ataononga ku Kapichira mu Januwale. Kompyuta inkazima ili mkati mwa ntchito, tsiku lina kawiri, tsiku lina katatu, ine UPS, kabokosi kosunga magetsi kuti kompyuta isazime mwadzidzidzi, ndinalibe. Pofika Okutobala, kutentha kwathu kuno kutafika poti malata akuthetheka, kompyutayo inayamba kulira. Poyamba kamodzikamodzi m'mawa poyatsa. Kenako fayilo ya Word yamasamba awiri inkatenga nthawi yoti munthu n'kumwa madzi n'kubwerera isanatseguke.

Ndinaitana mnyamata wina amene anzanga ankamutama kuti ndi katswiri. Anabwera ndi buloa m'chikwama. Sanayatse n'komwe kompyutayo kuti amve kulirako ndi makutu ake. Ndikumulongosolera, iye akumasula kale zomangira. Akuti, "Iyi ndi fani bwana, Mangochi ndi wa fumbi." Anapemerera, fumbi linatulukadi lambiri mpaka tonse kutsokomola, ine mtima pansi. Ndinamupatsa K8,000. Tiki-tiki uja anabwereranso madzulo omwewo, ndinamuimbira, akuti ikuzolowera, musadandaule. Ikuzolowera chiyani?

M'kompyutamo munali mayeso a temu a sukulu zitatu zapulaiveti, mapepala opitirira 40 amene ndinataipa kwa milungu iwiri, ena a masamu okhala ndi zojambula zotenga tsiku lathunthu. Munalinso zithunzi zaukwati wina wa ku Namwera. Wojambula anandisiyira kuti ndisankhe zotsuka, iye n'kufufuta memore khadi yake poti anali ndi ntchito ina Loweruka. Zonsezo zinali malo amodzi basi.

Linali Lachinayi mu Novembala, mayeso akuyamba Lolemba. Magetsi anayaka cha m'ma 9 usiku, ndinakwera kabaza kuthamangira kushopu kuti ndiyambe kupulinta. Kudina batani, sikirini yakuda, timalemba toyera pakona tonena kuti sikupeza disiki yoyambira. Ndinagwada pansi, khutu n'kuligunditsa pa chitsulo cha bokosilo. Mkati munamveka chinthu chikuyamba kuzungulira, vuuu, kenako tiki, tiki, tiki, n'kukhala zii. Patapita kamphindi chiyambirenso. Thukuta linkadontha pa simenti, udzudzu uli ponseponse, ine osaumva n'komwe. Ndinazimitsa n'kuyatsa mwina ka 20 usiku umenewo, ndikupemphera kuti mwina ulendo uno idzuka. Sindinkadziwa kuti kuyatsa kulikonse ndinkaipweteka ndekha.

Kutacha mnyamata uja anabwera. Anachotsa hard disk, disiki imene imasunga mafayilo onse, n'kuigogoda ndi chogwirira cha sikuludiraiva ngati akudzutsa wailesi yakale. Zitakanika, anamasula chivundikiro chake pomwepo pa kauntala panga, chitseko chili pululu, njinga zamoto zikudutsa ndi fumbi lake. Mkati muli chimbale chonyezimira ngati galasi. Anachikhudza ndi chala, kuchizunguza, n'kukankha kamkono kaja kamene kamawerenga. Ine ndangoima chilili, ndikuganiza kuti munthu akudziwa chimene akuchita.

Loweruka ndinapita nayo ku Limbe kwa bambo wina wachikulire. Anangoyang'ana kamodzi n'kundionetsa mzere wozungulira pa chimbale chija, wokandika ngati pamene padutsa msomali. Anandifotokozera kuti chimbalecho chimazungulira ka 7200 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ka 120 pa sekondi, ndipo kamutu kowerengako sikachikhudza ayi, kamayandama pa kampweya kopyapyala kuposa tsitsi kutalitali. Kambewu kamodzi ka fumbi pamenepo ndi mwala. Tiki-tiki uja ndi kamkonoko kakufuna kuwerenga, kulephera, n'kubwerera poyambira. Anati, "Mukanabwera nayo tsiku loyamba lija, bwenzi titakopera zonse." Ndinakwera minibasi yobwerera osadya kanthu.

Mayeso ndinataipanso usiku ndi usana pa laputopu yobwereka, ena aphunzitsi anachita kulembanso pamanja chifukwa mapepala oyamba anali atatayika. Sukulu imodzi sinabwerenso kwa ine mpaka lero. Koma chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi mayi ake a mkwatibwi. Anachoka ku Namwera m'mamawa, anakhala pa benchi panga, sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye palibe ngakhale chimodzi, mwanangu?" Ndinalibe choyankha.

Mnyamata uja foni anasiya kuyankha. Mpaka pano amadutsa pa njinga yamoto, buloa ali kumsana, akupita kukapemerera za ena. Sanabwere ngakhale kudzati pepani. Chimene chimandiwawa si K8,000 ayi, ndi choti sanamvetsere. Mphindi ziwiri zokha zoyatsa n'kutchera khutu. Anthu oterewa aphunzira kuika Windows ndi kukopera nyimbo, basi akudzitcha amisiri, ndipo mankhwala awo ndi awiri okha, kupemerera ndi kufomata.

Kusiyanitsa kwake si kovuta. Fani imalira mosalekeza, ngati njuchi kapena ngati kukhululuza, ndipo imakweza mawu kompyuta ikatentha masana. Ina imalira poyatsa pokha n'kusiya ikathamanga, imeneyo ndiye kuti bering'i yake yatha. Nthawi zina ndi kawaya chabe kakukhudza mapiko, kumangoti trrr. Tsegulani mbali ya bokosi, pindani pepala likhale ngati chitoliro, mbali ina kukhutu, ina muziloza chinthu chimodzichimodzi. Fani ya pa purosesa kapena ya kumbuyo mutha kuiimitsa kwa sekondi imodzi podina pakati pake ndi chala, phokoso likatha mwaipeza. Ya mkati mwa power supply, bokosi lolandira magetsi ochokera pakhoma, musaiyandikire, musalowetsemo kanthu, ndipo bokosi limenelo musalitsegule ngakhale mutazula pulagi, limasunga magetsi. Njira yachidule kuposa zonse: zimitsani, zulani pakhoma, chotsani mawaya awiri a pa hard disk, yatsani. Windows siyaka, koma mafani azungulira. Ngati tiki-tiki watha, nkhani ndi disiki.

Ndanena kuti zimitsani, inde, koma ngati Windows ikulowabe, yatsani kamodzi kokha fulashi kapena disiki ina ili kale m'manja. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina, zithunzi ndi zolemba, mafilimu ndi nyimbo asiyeni. Musayambe kusikana mavairasi kapena kupanga defragment (kusanjanso mafayilo pa disiki), mukuithodwetsa. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo, kamawerenga zimene disiki imadzilembera yokha za thanzi lake, kakalemba Caution kachikasu kapena Bad kofiira musachedwe. Komabe kakhoza kulemba Good disiki ikufa, ndiye khulupirirani makutu anu. Zoika mu fuliji zimene ena amanena musayese, ikatuluka imachita chinyezi mkati.

Ndipo musachite zonsezi nokha ngati simunatsegulepo kompyuta, pezani mmisiri. Alipo abwino, ngakhale kuno. Kungoti mukhale pomwepo, ayambe wayatsa n'kumvetsera, ndipo akangogwira zomangira za pa hard disk penipenipo, mulandeni. Popemerera agwire mapiko a fani asazungulire. Disiki yatsopano gulani SSD, mulibe chozungulira, ndi ka UPS ngakhale kakang'ono. Ine pano Lachisanu lililonse ndisanatseke ndimakopera zonse pa disiki yachiwiri imene imagona kunyumba.

Mwati mukusungamo zotani, achimwene, ndipo zilinso pena? Ngati muyatse, jambulani kulirako pa foni, muiyandikize pafupi ndi bokosi, mutumize muno timve tonse.