Mlongo wanga wa ku Kayelekera angatipatsire matenda?

FUNSO: Ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare, koma kwathu ndi ku Dedza. Mlongo wanga ali ndi kagolosale kufupi ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, ndipo akufuna kudzationa pa Khirisimasi atatinyamulira mpunga wa Kilombero. Apongozi anga akuti asadzagone chipinda chimodzi ndi ana, mpungawonso tisadye, ati munthu wokhala malo otere amatulutsa radiation m'thupi. Kodi ndimuuze asabwere?
NaPhiri, Mufakose

YANKHO: A NaPhiri, auzeni alongo anuwo abwere, adzagone pamene mwawakonzera ndipo adzanyamule ana mmene akufunira. Ine ndinagwira ntchito yojambula odwala pa X-ray zaka zambiri, nditavala kabaji koyeza radiation pachifuwa, ndipo madzulo ndinkabwerera ku Highfield n'kukafungatira ana anga. Radiation ndi mphamvu yosaoneka yotuluka m'zinthu monga yureniyamu, ndipo munthu amene wafikiridwa nayo sayamba kuitulutsa, monganso woothera dzuwa sawala usiku. Chimene angabwere nacho ndi fumbi la pa zovala ndi nsapato basi, ndipo sopo ndi madzi zimachotsa. Mpunga wa Kilombero umalimidwa m'madambo a m'mbali mwa nyanja, pamene mgodi uli kumapiri, makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa boma la Karonga. Ine ndikanaphika.

Amene ndikumudera nkhawa ndi mlongo wanuyo, amene amapuma mpweya wa kumeneko tsiku ndi tsiku.

Mgodi umenewu unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya ku Australia ya Paladin, unaima mu 2014 mitengo ya yureniyamu itagwa, ndipo mu 2020 unagulidwa ndi Lotus Resources, amene anayambanso kukumba mu 2025. Pa mgodi uliwonse wa mtundu uwu, miyala imaphwanyidwa mpaka kukhala ngati ufa. Akachotsa yureniyamu, zotsalira zimaunjikidwa m'damu, ndipo radiation yambiri imatsalira mmenemo. Muli chinthu chotchedwa radium, chimene chimatulutsa mpweya wa radon. Mpweya umenewu suoneka, sununkha. Panja mphepo imaumwaza, koma m'nyumba yotsekeka umadzazana. Tinthu timene radon imaponya sitingaboole ngakhale khungu, koma tikalowa m'mapapo timavulaza mkati pang'onopang'ono, matenda n'kudzaonekera patapita zaka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pambuyo pa fodya, radon ndiyo imabweretsa kwambiri khansa ya m'mapapo, ndipo wosuta ndiye amene imamupweteka koposa. Anthu a mtundu wa Navajo ku America amene ankakumba yureniyamu m'ma 1950, m'migodi yopanda mpweya wokwanira, ambiri anafa ndi khansa imeneyi.

Nkhani ya fumbi imandikhudza. Bambo anga anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno, ndipo ndinakula ndikumva chifuwa chawo usiku wonse. Sunali mgodi wa yureniyamu, koma kuyambira pamenepo sindipeputsa fumbi la mgodi uliwonse, makamaka m'chilimwe pamene nthaka yauma ndipo mphepo ikuomba.

Ndiye alongo anu akafika, khalani nawo pansi. Ngati amasuta, asiye, chifukwa ichi chili m'manja mwawo. Asamangire nyumba miyala kapena mchenga wotola kufupi ndi mgodi, asasungirenso madzi m'migolo yochokera kumeneko, ngakhale itaoneka yoyera bwanji. Masana mawindo azikhala otsegula, madzi akumwa ndi ufa zikhale zovindikira. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri apite kuchipatala akayezetse TB, asangoti ndi mgodi n'kukhala kunyumba.

Za madzi, mtsinje wa Sere umene umadutsa kufupi ndi mgodi umathira mu North Rukuru, iwonso n'kukathira m'nyanja. Yureniyamu ikachuluka m'madzi akumwa imawononga impso, ndipo ndi maso simungadziwe, pamafunika kuyeza. Malawi ali ndi lamulo la 2011 limene linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lofanana ndi Radiation Protection Authority of Zimbabwe kuno. Muyezo wa mayiko onse umati munthu wamba asalandire kuposa millisievert 1 (muyeso wa radiation imene thupi lalandira) pachaka pamwamba pa radiation yachilengedwe, pamene wogwira ntchito mkati malire ake ndi 20. Alongo anu ndi anzawo, kudzera mwa amfumu, apemphe kuti aziwerengeredwa zotsatira za kuyeza fumbi, mpweya ndi madzi a pamudzi pawo, m'chinenero chimene akumva, komanso aziuzidwa tsiku ndi malo pamene anayezera.

Apongozi musakangane nawo, akutero chifukwa chokonda adzukulu. Pemphani amuna anu awawerengere tsamba lino Khirisimasi isanafike.