Za mchimwene wanu uja, yambirani ku chipatala cha boma

Achemwali, ndawerenga zonse mwalembazi. Nyumba ya mchimwene wanu inapita ndi madzi a namondwe Freddy kwa Njema ku Mulanje mu 2023, ntchito yothyola tiyi imatha mvula ikatha, wakatapila ali pakhosi, ndiye pano munthu sakugona, sakulankhula, wangolowerera kachasu. Mukufuna phungu woti amumvetsere osamuweruza, komanso mtengo wake. Za uphungu wa pa intaneti akuyankheni ena, ine ndinena zomwe ndinaona ndi maso.

Pitani naye ku chipatala chachikulu cha boma pa Mulanje, kapena cha ku Thyolo ngati ndiko kufupi. Mukafika nenani mosabisa kuti mukufuna namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, apo ayi mungopatsidwa panado n'kubwerera. Simulipira kanthu, yanu ndi ya kabaza ndi minibasi basi, ndipo musaiwale buku lake la kuchipatala. Ku Mulanje Mission ndi ku Malamulo ndi kwa mishoni, kumeneko mumalipirako. Aphungu oima paokha ambiri ali ku Blantyre, kukumana kamodzi kokha konzekerani ndalama zambiri, basi ya ku Limbe ili padera. Wothyola tiyi angapiteko kangati? Ku Zomba Mental musathamangireko nokha, akaona kuti matenda akula adzakulemberani kalata ndi iwowo.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: musamupereke kwa aliyense amene angamuuze kuti vutoli ndi tchimo lake. Mng'ono wanga anadwala maganizo atangobereka. Tinamutengera kwa munthu wina wa mapemphero, dzina ndisunga. Anamuletsa mankhwala, anamusalitsa kudya mwana ali kubere, n'kumamuimika pamaso pa gulu kuti aulule chomwe anachita. Mbuzi tinapereka. Mwana wa mayi anga anabwerako ataonda, mkaka utauma, akukhulupirira kuti ndi wotembereredwa. Inetu ndimapemphera, ndipo abusa abwino alipo amene amakupemphererani kenako n'kukuuzani kuti pitani kuchipatala. Koma amene akuti tayani mankhwala, kapena akufuna kumanga munthu ndi chingwe, mutalikireni.

Amene anamuthandiza anali namwino wa pa chipatala cha boma. Sanayambe ndi mapiritsi. Anatitulutsa ife panja, n'kumufunsa yekha: mwadya chiyani lero, bambo a kunyumba akukuthandizani, alipo akukumenyani, ndani amakugwirirani mwana mukafuna kugona? Phungu weniweni mumamudziwira pamenepo. Amadziwa kuti munthu amene madzi anamulanda nyumba, malipiro ake akuthera kwa wakatapila, sikuti ndi waulesi kapena wofooka. Umphawi umadwalitsa maganizo. Ndiye mchimwene wanu ali ndi ufulu wolankhula yekha popanda inu, wofotokozeredwa m'Chichewa chomwe akumupatsa, ndi woti nkhani yake isamveke ku esiteti. Wina akamutcha wamisala, pemphani kuonana ndi wina.

Akamupatsa mankhwala ngati amitriptyline kapena fluoxetine, dziwani kuti sagwira lero ndi lero, pamatha masabata awiri, anayi, nthawi zina kuposa. Ambiri amasiyira panjira n'kumati sakuthandiza. Asasiye yekha, ndipo akawapeza atatha ku famase afunse chochita, asangokhala. Za kachasuzo akanene zoona. Munthu womwa tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera ngakhale kukomoka, ndiye kusiyako kukhale kodziwa achipatala.

Inu amene mwayankha kuti mwamuna salira, angolimba mtima, mawu amenewa atiikitsa maliro ambiri. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala abambo, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri. Achemwali, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa wina akafunsa. Tameki, mankhwala a m'munda ndi zingwe zichoke m'nyumba lero lomwe, asamagone yekha. Akavomera kuti akuganizadi, musadikire tsiku la kiliniki, nyamukani naye. Ngati muli kutali imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, komwe amapereka uphungu wa zaumoyo pa foni, ndi kwaulere.

Kenako za wakatapilayo. Musamusiye mchimwene wanu akumane naye yekha. Tengani amalume kapena nyakwawa, mukakhale pansi, ndalama yomwe anatenga ndi yomwe wabweza kale zilembedwe pa pepala, mugwirizane pomwe chiwongoladzanja chiimire. Ngati anamulanda khadi la ku banki, nkhani imeneyo ikhale yoyamba kukambidwa.