Raphael Lea'i anachedweranji kupita kunja, nanga anabwereranji msanga?

Kalata ya lero yachokera kwa mphunzitsi wa timu ina ya achinyamata. Anaonera mavidiyo a Raphael Lea'i wa ku Solomon Islands, ndipo akufunsa kuti mwana womwetsa zigoli chonchija anakhaliranji osasaina ndi kalabu ya kunja mpaka zaka 19, nanga atapita ku Ulaya anabwereranji chaka chisanathe. Kumapeto akuti ali ndi mnyamata wa zaka 16 amene munthu wina walonjeza kumupezera timu kunja, ndiye atani.

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza, chifukwa anthu ambiri akamakamba za Lea'i amangoti mwanayo analephera, osayang'ana kumene anachokera ndi malamulo amene anamumanga miyendo.

Lea'i anabadwa mu 2003. Dziko lake ndi la zilumba zoposa 900 m'nyanja ya Pacific, anthu ake ndi cha m'ma 700,000, ndipo mpira wa ligi yaikulu umaseweredwa makamaka mumzinda umodzi, Honiara. Bwalo lake lotchuka ndi Lawson Tama, kumene ochemerera ambiri amakhala pamtunda wa kapinga m'mbali mwa bwalo. Mu 2018 mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 16 wa chigawo cha Oceania unachitikira komweko. Lea'i ndi anzake anafika m'ndime yotsiriza n'kugonja kwa New Zealand pa mapenate, ndipo kufika pamenepo kunawapatsa malo ku chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 17 ku Brazil mu 2019. Mu 2018 momwemo anaseweranso futsal, mpira wa anthu asanuasanu wa m'holo, ku masewera a Olimpiki a achinyamata ku Buenos Aires.

Za futsal musazidumphe, chifukwa ndi zimene mukuona m'mavidiyo aja. Timu ya futsal ya dzikolo, Kurukuru, yafikako ku chikho cha dziko lonse kangapo, kuyambira mu 2008. Mwana wokulira pabwalo laling'ono amaphunzira kuponda mpira ndi kunsi kwa phazi, kutembenuka pamalo othina, ndi kuwombera ndi chala asanakonze thupi, goloboyi asanaime bwino. Chimene futsal siphunzitsa ndi kuthamanga mphindi 90, kulimbirana mipira ya m'mwamba, ndi kudziwa poima mpira ukakhala mamita 40 kutali ndi iwe.

Ku Brazil kuja Solomon Islands inagonja 5-0 kwa Italy, 7-0 kwa Paraguay ndi 8-0 kwa Mexico. Zigoli 20, osabwezako ndi chimodzi chomwe. Ine ndimati masewero atatu amenewa ndiwo anaonetsa chimene mwanayo ankasowa: osati luso, koma otchinga kumbuyo omuvutitsa sabata ndi sabata. Atabwerera ku timu yake ya Henderson Eels ankangomwetsa zigoli mmene afunira. Wosewera kutsogolo amene akupeza mipata isanu ndi itatu pa gemu saphunzira kusamala mpata umodzi. Saphunziranso kuthamangira mpira timu ikaluza, poti palibe amene angamukhazike pabenchi.

Nanga bwanji sanasaine ndi kalabu ya kunja ali ndi zaka 16? Lamulo la FIFA loona za kusamuka kwa osewera, ndime 19, limaletsa wosewera wosakwana zaka 18 kulembetsedwa ndi kalabu ya dziko lina. Mipata yozembera ilipo yochepa. Makolo akasamukira kudzikolo pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira, mwana amaloledwa. Wa zaka 16 mpaka 18 angasamuke pakati pa mayiko a mgwirizano wa European Union ndi anzawo a m'chigawo cha zachuma cha ku Ulaya. Amene amakhala pasanathe makilomita 50 kuchokera kumalire, kalabu nayonso ili pasanathe makilomita 50 tsidya linalo, amaloledwa, bola azigonabe kwawo. Otsala ndi othawa kwawo pa zifukwa za chitetezo ndi ana a sukulu opita kukaphunzira kwa kanthawi. Tsono taganizani mwana wa pachilumba: malire ake ndi madzi okhaokha, makolo ake alibe ntchito ku Lisbon kapena ku Brussels. Zitseko zonse n'zotseka.

Lamuloli ine ndimaligwirizana nalo, ngakhale linamuchedwetsa Lea'i. Linabwera chifukwa ana ambiri, makamaka a ku Africa ndi ku South America, ankatengedwa ndi anthu owalonjeza makalabu n'kukawataya m'mizinda ya eni opanda chiphaso kapena tikiti yobwerera. Cholakwika si kuletsako. Cholakwika n'chakuti mwana woletsedwayo sapatsidwa chilichonse cholowa m'malo.

Pano ndipatuke pang'ono, poti anthu amakonda kufanizira zilumba ngati kuti zonse n'chimodzimodzi. Amati onani Cape Verde ndi Curaçao zinapeza malo ku chikho cha dziko lonse cha 2026, onani Comoros inagonjetsa Ghana 3-2 pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022 n'kufika ndime ya matimu 16, ulendo womwe uja Flames inafikanso ndime yomweyo. Koma yang'anani kumene osewera awo anabadwira. Ambiri a Comoros anakulira ku France, a Curaçao ku Netherlands, ndipo Cape Verde imadalira kwambiri ana obadwira ku Portugal, Netherlands ndi France. Lamulo limalola munthu kusewerera dziko limene kholo lake kapena agogo ake anabadwira, choncho zilumbazi zimakolola ana ophunzitsidwa m'masukulu a mpira a ku Ulaya. Ngakhale ku Pacific komweko, mwana wa ku Tahiti kapena New Caledonia ali ndi pasipoti ya France. Christian Karembeu, amene anatenga chikho cha dziko lonse ndi France mu 1998, ndi wa pachilumba cha Lifou ku New Caledonia. Solomon Islands ilibe mwayi umenewu. Wosewera wake amaphunzira mpira wonse pakhomo, ndipo kunja amakafika ngati mlendo wolimbirana malo ochepa a alendo. Mu ligi yaikulu ya ku Australia malo otere ndi asanu pa kalabu, ndipo makalabu amakonda kuwapereka kwa akuluakulu amene anasewerapo ku Ulaya.

Mu Malichi 2022, ali ndi zaka 18, Lea'i anasewera m'timu yaikulu ya dziko lake pa masewero olimbirana malo ku chikho cha dziko lonse, amene anachitikira ku Qatar. Anamwetsa zigoli zonse zitatu pamene anagonjetsa Tahiti 3-1. Anafika m'ndime yotsiriza, New Zealand n'kuwakwapula 5-0. Kumayambiriro kwa 2023 anasaina ndi Velež Mostar ya ku Bosnia and Herzegovina, koma chaka chomwecho anabwerera kwawo, ndipo nkhani imene inamveka inali ya kupukwa. Kenako anakasewera ku Adelaide City ku Australia, mu ligi ya m'chigawo.

Amene amaseka kupukwa sadziwa mpira. Mnyamata wochoka kudziko lotentha chaka chonse, wolankhula chinenero cha kwawo cha Pijin, wozolowera kudya ndi abale pamodzi, anakafika ku Bosnia nyengo yozizira, chinenero china, chakudya china, kwawo kuli patsogolo ndi maola 9 kapena 10 moti iye akamamaliza zokonzekera masana abale ake ali mtulo. Zokonzekera zimatenga maola awiri. Maola ena 22 ndi amene amagwetsa osewera. Ndipo ndinene mosabisa: kulumpha kuchoka ku Honiara mpaka ku Mostar kunali kwakukulu mopitirira, ndipo mlandu wake suli pa mwanayo yekha.

Yerekezani ndi Roy Krishna wa ku Fiji. Anachoka ku Labasa kupita ku Waitakere United ya ku New Zealand mu 2008, n'kukhala kumeneko zaka zisanu, mu ligi yaing'ono, pafupi ndi kwawo, pakati pa anthu ambiri a kwawo okhala ku Auckland. Wellington Phoenix inamutenga mu 2014 ali ndi zaka 26. Mu 2018-19 anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Australia, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Anakwera makwerero limodzilimodzi, ndipo palibe amene anamutumizako kumene sakanatha kukhala.

Za mnyamata wanu uja

Pa zaka 16 sangalembetsedwe ku Ulaya, ngakhale ku Joni. Wolonjezayo mumufunse laisensi yake ya FIFA, ndipo mukaitsimikize ku FAM. Ejenti saloledwa kuyandikira mwana popanda kalata ya chilolezo cha makolo. Chimene chingatheke ndi kukayesedwa: kuyambira chaka chimene akukwanitsa zaka 16, osapitirira masabata 8 pa kalabu imodzi, kawiri kokha pa chaka, fomu yake italowetsedwa mu kompyuta ya FIFA masiku 10 asanayambe. Kalabu siloledwa kulipiritsa mwana woyesedwa, choncho akakuuzani kuti makolo agulitse munda kuti alipire, mutseke chitseko.

Chofunika kuchita sabata ino n'kuonetsetsa kuti mwanayo ndi wolembetsedwa ku FAM m'dzina la timu yanu, ndi tsiku lobadwa lenileni. Akadzasaina kontirakiti yoyamba kunja, makalabu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 21 amalandira chipukuta misozi, ndipo akadzagulitsidwa kudziko lina, 5 pa 100 iliyonse imagawidwa kwa amene anamulera pakati pa zaka 12 ndi 23. Zaka zimene sizinalembedwe sizilipidwa. Pa zaka ziwiri zatsalazi mumupezere timu imene sazimwetsa gemu iliyonse, ngakhale zitatanthauza kuti achoke m'manja mwanu n'kukakhala mumzinda wina, akaphunzire kudziphikira ndi kugona kutali ndi amayi ake basi yobwerera ikadalipo.