Purosesa yaima pa 0.79 GHz: yambani ndi tchaja, Windows isiyeni

Funso: Akulu, ndili ndi Dell Latitude E5470 yomwe ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Purosesa yake ndi Core i5-6300U, yolembedwa 2.40 GHz. Masabata ano ikuchedwa koopsa, ngakhale Word ikumatenga nthawi kuti itseguke. Mu Task Manager, pomwe Windows imaonetsa mmene purosesa ikugwirira ntchito, ikuonetsa liwiro la 0.79 GHz ndipo nambalayo sikusuntha ngakhale nditsegule zinthu zambiri. Mnzanga akuti ndi vayirasi, ndiike Windows yatsopano. Tchaja yake inapsa mwezi watha, pano ndikugwiritsa ntchito ina yomwe ndinagula mumsika. Kodi purosesa yafa?

Yankho: Achimwene, purosesa siinafe, ndipo Windows musaikhudze. Vayirasi imatanganitsa purosesa, siyiimika pa nambala imodzi. Mukaona 0.79 GHz yosasuntha, dziwani kuti bolodi yaikulu ya mkati mwa laputopu (motherboard) yalamula purosesa kuti itsikire pa liwiro lotsikitsitsa n'kukhala pomwepo. Yanuyo ikakhala bwino imafika 3.0 GHz ikapanikizika ndi ntchito. Ndiye funso ndi lakuti, wapangitsa bolodi kulamula zimenezi ndani? Mwamutchula kale nokha: tchaja ya mumsika ija.

Zulani tchajayo, muyang'ane m'kamwa mwa pulagi yolowa mulaputopu. Muona kapini kopyapyala pakati penipeni. Ambiri amaganiza kuti moto umadutsa m'kapini kameneka, koma ayi. Moto wa 19.5 V umayenda m'chitsulo chozungulira chija, mkati ndi kunja. Kapiniko ndi ka uthenga basi. Mutchaja yeniyeni ya Dell muli kachipu komwe kamauza laputopu kuti tchajayi ndi ya 65 W kapena 90 W, ngati chitupa chomwe munthu amaonetsa pachipata. Laputopu ikapanda kulandira uthengawu sidziwa kuti ingakoke mphamvu yochuluka bwanji popanda kuotcha tchaja, choncho imadziteteza: imachepetsa liwiro la purosesa, ndipo nthawi zambiri imasiyanso kutchaja batire. Matchaja otchipawa ena alibe kachipuko n'komwe, kapini anangoikapo koma sikalumikizana ndi chilichonse. Ena kalimo koma kamafa msanga. Amayatsa laputopu ndithu, wogulitsa amakuonetsani kuti yayaka, inu n'kulipira. Zinazo mumakazionera kunyumba.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Zimitsani laputopu, lumikizani tchaja, yatsani n'kumadina F2 mpaka mulowe mu BIOS, malo a makonzedwe a laputopu omwe amatseguka Windows isanayambe. Pitani pa Battery Information, muwerenge mzere wa AC Adapter. Ukalemba 65 W kapena 90 W, tchaja yadziwika. Ukalemba Unknown, vuto lanu lapezeka. Ine laputopu ya Dell ikabwera ndi dandaulo la kuchedwa, ndisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi ndimayamba ndi mzere umenewu. Mukadali pomwepo, gwedezani waya pang'onopang'ono pafupi ndi pulagi, maso ali pa mzerewo. Ukamasinthasintha, pena 65 W pena Unknown, ndiye kuti kawaya ka uthenga kaduka mkati. Izi zimachitika ngakhale pa tchaja yeniyeni, chifukwa cha chizolowezi chokulunga waya mothinitsa pa bokosi la tchaja, kapena kuzula pokoka waya m'malo mogwira pulagi. Kawayako ndi kowonda kuposa mawaya awiri a moto omwe ali mu chingwe chomwecho, ndiye kamayamba kuduka ndi iko, moto n'kumadutsabe bwinobwino.

Mwina mukuti, bwanji laputopu siinandichenjeze? Imayenera kutero poyaka, ndi uthenga wonena kuti mtundu wa tchaja sukudziwika. Koma mu BIOS momwemo muli malo otchedwa Adapter Warnings, ndipo ogulitsa ena amazimitsa chenjezoli kuti wogula asafunse mafunso. Zimandinyansa zimenezi. Liyatseni.

Ngati batire yanu ikusungabe moto, pali kuyesa kwina. Tsegulani Task Manager, ikani vidiyo yolemera kuti izisewera, kenako zulani tchaja. Nambala ikadumpha kuchoka pa 0.79 n'kupitirira 2 GHz, n'kugwanso mukabwezera tchaja, palibenso chokambirana. Bwerekani tchaja yeniyeni ya Dell kwa mnzanu, ya pulagi yaikulu ngati yanuyo, muone. Ikadziwika, kagulani yeniyeni. Ndibwino kugula yeniyeni yakale kusiyana ndi yatsopano yonyezimira ya m'katoni yopanda dzina. Pogula nyamulani laputopu, mukalowe mu BIOS pamaso pa wogulitsa, ndalama ituluke mzere uja utalemba 65 W.

Chenjezo limodzi kwa inu okonda kuyeza ndi mita yoyezera magetsi. Kuona 19.5 V sikutanthauza kuti tchaja ili bwino, yabodza nayo imaonetsa 19.5 V. Ndipo mukamalowetsa chitsulo cha mita m'kamwa mwa pulagi, chikagunda kapini ndi khoma la mkati nthawi imodzi, mwatumiza 19.5 V ku kachipu komwe kamagwira ntchito ndi moto wochepa kwambiri. Kamapsa pomwepo, tchaja yabwinobwino n'kusanduka Unknown. Ndalandirapo matchaja ambiri ophedwa motere ndi anthu omwe ankati akuwayeza.

Nanga tchaja yeniyeni nayo ikakhala Unknown? Pamenepo vuto lili mulaputopu. Kawirikawiri ndi doko lolowetsa tchaja lomwe lakhwepa kapena kuthyoka mkati. Pa E5470 dokoli lili pa kawaya kakekake, limachotsedwa n'kuikapo lina popanda kuotcherera. Likasinthidwa koma osasintha kanthu, ndiye kuti tizipangizo ta pabolodi tolandira uthenga uja tapsa, mwina tinapsera limodzi ndi tchaja yanu yoyamba. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wodziwa kukonza bolodi.

Zina zotsalazo ndingodutsamo. Kutentha kumachepetsanso liwiro, koma khalidwe lake ndi lina: laputopu imayamba ndi liwiro labwino, fani n'kuyamba kulira, kenako liwiro n'kumatsika. Ikani pulogalamu ya HWiNFO, yoonetsa kutentha kwa purosesa, muone. Purosesa ikamayandikira madigiri 100, tsegulani, chotsani fumbi lomwe limaundana ngati thonje pakati pa fani ndi zitsulo zotulutsa kutentha, muikenso thermal paste yatsopano, phala lomwe amapaka pa purosesa kuti kutentha kuzituluka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala zimenezi zimachuluka, makamaka kwa oika laputopu pabulangete n'kutseka mabowo opumira. Onaninso mu Power Options ya Windows kuti Maximum processor state ili pa 100%. Wina akaiika pa 99%, Turbo Boost, yomwe imakweza liwiro ntchito ikachuluka, imazima, purosesa osapitirira 2.40 GHz. Koma 99% ameneyo sangakutsitsireni pa 0.79.

Ena akuuzani za pulogalamu ya ThrottleStop, kuti muchotse chizindikiro pa BD PROCHOT ndipo liwiro libwerera. Nthawi zina limabwereradi. BD PROCHOT ndi njira yomwe bolodi imauzira purosesa kuti ichepetse liwiro, ndiye mukaitseka mwangoletsa purosesa kumva lamulolo. Ine ndimaigwiritsa ntchito pofuna kutsimikiza vuto, kapena pa makina omwe kachipangizo koyeza kutentha kanafa ndipo mwini wake akudziwa. Pa tchaja yokayikitsa ngati yanuyo sindingalole. Muzikoka mphamvu yonse pa chinthu chomwe simukudziwa kuti chingapirire zochuluka bwanji, ndipo batire idzakhalabe yosatchajika.

Funso: Ine yanga ndi laputopu ya Core i5-8250U. Wogulitsa anandiuza kuti ndi 3.4 GHz, koma mu Windows palembedwa 1.60 GHz. Mu Task Manager nambala ikumangosinthasintha, pena 0.9, pena 2.5, pena kupitirira 3. Kodi anandibera?

Yankho: Sanakubereni, nambala zonse ziwirizo ndi zoona. 1.60 GHz ndi liwiro loyambira lomwe Intel inalemba pa dzina la purosesayo, 3.4 GHz ndi pomwe imafika ndi Turbo Boost. Kusinthasinthako ndi umboni woti ili bwino: ikakhala chabe imatsika kuti isamadye batire, ikapatsidwa ntchito imakwera. Ndi purosesa ya 15 W yokhala ndi makoo anayi, kutanthauza zigawo zinayi zogawana ntchito, ndiye mukaipanikiza onse anayi kwa nthawi yaitali, monga pokonza vidiyo, siingakhale pa 3.4 mpaka mapeto. Imakwera kwa kanthawi n'kutsikirako malinga ndi mmene fani ikuziziritsira. Mudzandifunsenso ikadzaima pa nambala imodzi yotsika osasuntha, tchaja ili momo, ntchito ili mkati.