Maluwa a crocus pakhomo: dzalani mu Okutobala, musafulumire kutchetcha

Mayi wina wa mumzinda wa Leeds ku England wanditumizira imelo. Akuti mu Febuluwale anaona timaluwa tapepo ndi tachikasu titadzaza pansi pa mitengo m'paki, nagula tina ta mumphika, koma sitinachedwe kufota. Akufunsa ngati tafa, komanso kuti atani kuti chaka chamawa tituluke pakhomo pake.

Amayi, musataye mphikawo. Maluwawo sanafe. Duwa la crocus silikhalitsa, koma pansi pali timitu tangati ta adyo, ndipo moyo wake uli m'menemo. Masamba aja ndi amene akudyetsa timituto, choncho asiyeni mpaka achite chikasu okha. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amaona kapinga watalika, n'kumutchetcha pamodzi ndi masamba a crocus, kenako chaka chinacho n'kumadabwa kuti maluwa sanabwere. Dikirani masabata 6 maluwa atafota, ngakhale pakhomo paoneke ngati posasamalika.

Timitu tatsopano mudzagule mu Seputembala, mudzadzale pofika Okutobala kapena Novembala. Kumbani masentimita 8 mpaka 10, kosongoka kuyang'ane kumwamba, ndipo muziika tambiri pamodzi chifukwa kamodzi sikaoneka. Timafuna chisanu cha miyezi pafupifupi 3 tisanaphuke, n'chifukwa chake kwathu ku Malawi n'kovuta kutilima. Pakhale pofika dzuwa, poti duwali limatseguka dzuwa likawala, kukachita mitambo limatsekeka. Ngati dothi lanu ndi la makande losunga madzi, sakanizani ndi timiyala, apo ayi timituto tiola.

Mdani wamkulu ku England ndi gologolo. Amafukula n'kudya mutangodzala kumene. Yalani waya wa khola la nkhuku pamwamba, mudzachotse zikayamba kumera.

Ine ndimakonda mtundu wa Crocus tommasinianus. Ndi waung'ono, wapepo, umatuluka mu Febuluwale njuchi zikusowa chakudya, ndipo umachulukana wokha m'kapinga chaka ndi chaka. Crocus vernus wamaluwa akuluakulu amatsatira mu Malichi, ndiye mukadzala yonse iwiri pakhomo pakongola nthawi yotalikirapo.

Pogula musamale ndi Colchicum, amene ena amamutchanso autumn crocus, wotuluka cha mu Seputembala. Ameneyo ali ndi poizoni, ndipo ngati muli ndi ana aang'ono kapena galu, msiyeni m'sitolo momwemo.